Renita Sanamalize Kulankhula

Itta Bena, Mississippi
11 Januwale 1999

Wokondedwa mwana wanga Vernice,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzereli limene limandiuza za mvula wailesi isananene. Kaya iwe ndi mdzukulu wanga Renita mukupirira bwanji chisanu cha ku Milwaukee. Akulemba kalatayi ndi Mayi Odessa Broome, mlembi wa mpingo wathu, monga mwa nthawi zonse. Ndawauza kuti alembe mawu anga momwe akutulukira m'kamwa mwangamu, osathira shuga. Sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu chifukwa cha thonje, koma mawu anga sanasowepo miyendo yoyendera.

Khadi yako ya Khrisimasi inafika mochedwa, itanyowa pakona. Mizere itatu yokha, Vernice! Kodi inki inadula kumeneko? Ukunena kuti kusukulu kwa Renita kuli msonkhano mwezi wa Malichi, kuti akukamba zomuchotsa m'chipinda chake chophunzirira, ndipo mwanayo akufuna ine ndikakhalepo.

Ndamva. Mwana akaitana agogo ake kutali chonchi ndiye kuti zathina. Ine ndakhala dikoni zaka makumi anayi. Ndinaimapo pamaso pa mwini munda, ndinaimapo pamaso pa bwana wa banki, onsewo chipewa chili kumutu. Aphunzitsi sangandiopse.

Chipinda chija unandionetsa ulendo womwe ndinabwera, chapansi chija, chofunda, chokhala ndi mayi womuthandiza kudya, ndi chabwino kwa mwana amene miyendo ndi manja sizimumvera, lilime lakenso lolemera. Akufuna amuchotsemo akamuponye kuti? Pamakwerero, pakati pa anyamata othamanga ngati ana a ng'ombe? Ayi, toto. Umuuze Renita azigona tulo. Agogo ake akubwera kudzamulankhulira.

Ndatumiza thumba la mtedza wa pekani wa mumtengo wa malemu mayi ako. Undiyankhe msanga, ndipo ulembe kalata yooneka.

Ndine bambo ako,
Dikoni Hosea Tarpley


Milwaukee
24 Januwale 1999

Okondedwa Ababa,

Moni wanu tamulandira pamodzi ndi mtedza. Renita wadya mpaka ndabisa wotsalawo pamwamba pa firiji. Pepani ndi khadi ija. Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndikugwira ntchito anthu achepa, ndikafika kwathu cholembera chimalemera ngati khasu.

Msonkhanowu si mlandu, Ababa. Umachitika chaka ndi chaka kwa mwana aliyense wolumala. Aphunzitsi, ahedi, munthu wa ku ofesi ya maphunziro ndi ine timakhala patebulo n'kulemba zimene Renita aphunzire chaka chotsatira. Zaka zonsezi iye amangokhala pakona ife tikukamba za iye ngati tikukamba za nyengo. Tsopano wakwanitsa zaka 16, ndipo mphunzitsi wake watsopano, Mayi Lindqvist, akuti ana ena ayamba kuyendetsa okha misonkhano yawo. Renita atangomva, basi, wati nayenso. Ndiye ayendetse ndi iyeyo.

Nkhani ya chipinda ndi iyi. Akakhalabe pansi paja, pomaliza sukulu adzamupatsa pepala longonena kuti ankabwera. Akakwera m'makalasi a m'mwamba ndi anzake onse, angathe kudzapeza satifiketi yeniyeni. Chaka chino n'chomaliza kusankha, akapitirira apa sangawapezenso anzake. Ine mtima uli pawiri, sindikubisirani. Kumwambako kuli makwerero, kuli ana osaleredwa, kuli mayeso. Ndikaganiza zimenezi tulo timathawa.

Bwerani ndithu, tikiti ya basi ndikutumizirani. Koma musavutike n'kukonza zokanena. Mudzangobwera ndi jekete yokhuthala, osati ija ya kutchalitchi.

Mundiperekere moni kwa Mayi Broome.

Ndine mwana wanu,
Vernice


Itta Bena, Mississippi
5 Febuluwale 1999

Vernice mwana wanga,

Moni nonse awiri. Kuno kwagwa mvula, mtsinje wadzaza, anyamata akugwira milamba kuseri kwa tchalitchi.

Iwe unaphunzira kuposa ine, koma pali zina zimene sukulu siphunzitsa. Mwana ayendetse msonkhano wa akuluakulu? Umenewo ndi msampha. Ndinauona ndili mnyamata. Mwini munda ankaitana bambo anga, kuwakhazika pampando wabwino, n'kuwauza kuti, "Nenani maganizo anu, Tarpley." Iwo akamafunafuna mawu, iye ankawamalizira, kenako n'kunena kuti, "Mwaona, mwanena nokha." Anthu akusukuluwo akudziwa kuti Renita amachedwa kulankhula. Amuika patsogolo kuti akakakamira pa liwu limodzi, iwo alembe zofuna zawo n'kunena kuti mwana wavomera.

Wati ndisavutike n'kukonza zokanena. Ulemu wako ndauona, koma ndakonza kale. Mayi Broome, lembani apa.

"Mabwana ndi madona, ine ndine Hosea Tarpley, agogo ake a mwana uyu. Mulungu anamupatsa mtanda wolemera, ife sitidandaula. Koma mwanawankhosa wotsimphina samuthamangitsa pamodzi ndi gulu. Musiyeni m'chipinda chake, mmene muli anthu omudziwa. Pepala silidzamudyetsa, chifundo ndicho chidzamusunge."

Pali zinanso, koma ndasungira tsikulo. Ndinayeserera pamaso pa Mbale Cato, misozi inalengeza m'maso mwake, ngakhale iye amalira ndi nyimbo ya pawailesi yomwe.

Ngati alimbikira kuti mwana alankhule, palibe vuto. Tidzachita monga ndimachitira ndi nyimbo Lamulungu, ine kutchula mzere, mpingo kutsatira pambuyo. Ukukumbukira Pasaka uja Renita ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ataima kutsogolo ndi ana anzake kuti anene ndime yake? Atakakamira, ndinamutchulira mzere uliwonse iye n'kumabwereza, mpaka kumapeto. Tchalitchi chonse chinaimirira. Mpaka lero anthu amaikambabe.

Jekete yanga ya kutchalitchi ilibe vuto lililonse.

Bambo ako,
Dikoni Hosea Tarpley


Milwaukee
14 Febuluwale 1999

Agogo okondedwa,

Ndine Renita. Ndikulemba ndekha pa kompyuta ndi chala chimodzi, ndiye kalatayi yanditengera masiku. Muiwerenge yonse, musawalole Mayi Broome kudumpha pena. Zikomo chifukwa cha mtedza. Amayi akuganiza kuti sindikudziwa pamene abisa.

Amayi sanafune kundionetsa kalata yanu, koma ndinaipeza.

Agogo, palibe amene akundichotsa m'chipinda chija. Ndikufuna kutulukamo ndine. Ndinapempha ndine. Mukudziwa zimene timachita pansi paja? Timapinda matawulo. Ndapinda matawulo zaka zitatu, ine amene manja anga sagwira bwino, pamene mutu wanga umene umagwira bwino ukungokhala. Mabuku a msuweni wanga Darnell ndimawawerenga iye asanawatsegule, masamu ake ndimamuchitira ndine. Musawauze amayi ake.

Anthu a patebulo paja ambiri akufuna ndikhalebe pansi. Ndi zophweka kwa iwo. Mukakanena mawu anu a mwanawankhosa aja, adzakuomberani m'manja, ine n'kubwerera ku matawulo mpaka kumaliza sukulu. Ine si nkhosa, agogo.

Za Pasaka uja ndikukumbukira bwino. Ndime ija ndinailoweza mwezi wathunthu. Sindinaiwale liwu ngakhale limodzi. Liwu loyamba linali m'kamwa, likubwera, limangofuna kanthawi. Inu munalitchula ine ndisanalitulutse. Liwu lachiwirinso munalitchula. Anthu ataimirira ankayang'ana inu. M'galimoto pobwerera ndinalira, Amayi n'kumaganiza kuti ndi chimwemwe.

Tsiku lomwelo kamnyamata kena kanaiwaladi ndime yake. Palibe anakatchulira. Amayi achikulire a kutsogolo aja anangoti, "Dekha, mwana, dekha," mpaka kanakumbukira kokha. Ine ndinkafuna zimenezo.

Ndakuitanani chifukwa ndikufuna mudzaone. Komanso chifukwa mukakhala pampando mutavala suti, nkhope ili gwaa, anthu amakhala bwino. Pa msonkhano wanga lamulo ndi limodzi: munthu salankhula ine ndisanamutchule dzina, ndipo palibe wondimalizira mawu. Lamuloli ndi la ahedi, ndi la Amayi, ndi lanunso. Ngati simungathe, ndidzakukondanibe, koma musabwere.

Mdzukulu wanu,
Renita


Itta Bena, Mississippi
1 Malichi 1999

Vernice,

Ndine Odessa Broome. Lero ndikulemba mawu anga, osati a bambo ako. Ndalandira kalata yako yofunsa chifukwa chimene akhalira chete, ngati akudwala. Sakudwala. Akudya bwino, mbale ya nkhuku imene ndinawapititsira inabwera yoyera.

Kalata ya Renita ndinawawerengera yonse. Atamva anati ndibwereze. Nditabwereza anaipinda, kuika m'thumba la malaya, n'kunena kuti, "Ana a m'tauni." Sabata yonse sanabwere.

Lachitatu lapitali anafika, ati tilembe yankho. Anakhala pampando wawo uja, chipewa pabondo. Anayamba kuti, "Renita mdzukulu wanga, kalata yako yandi..." n'kuima. Ndinadikira. Anayang'ana kudenga, anayang'ana nsapato. Ine pofuna kuthandiza ndinati, "Yandikhumudwitsa?"

Mwana wanga, ukanaona! Anamenya tebulo mpaka khofi anatayikira. "Mayi Broome, kodi pakamwa apa ndi panu? Ndakuuzani kangati kuti musandiikire mawu? Liwulo limabwera!"

Ine ndakhala ndikuwalembera makalata chimwalirire mayi ako, ndipo sindinawayankhepo mwano. Koma tsiku limenelo ndinaika cholembera pansi. Ndinati, "A Dikoni, inu liwu limodzi lokha mwaswa nalo tebulo langa. Mwana uja munamulanda ndime yonse pamaso pa mpingo."

Anavala chipewa m'nyumba mwanga momwe, chinthu chimene sanachitepo, n'kutuluka.

Chimene chandidabwitsa ndi cha dzulo. Titaweruka kunali msonkhano wa madikoni, nkhani ya denga la tchalitchi, ine ndikulemba zokambirana. Ukudziwa kuti pa nkhani ya denga bambo ako salola munthu kupuma. Dzulo anakhala chete kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Mbale Cato analankhula zopanda mutu za malata, akuzungulirazungulira ngati galu wofuna pogona, bambo ako akungofinya chipewa, thukuta lili kamukamu. Abusa anachita kuwafunsa ngati akufuna madzi. Potuluka ndinawamva akudziuza okha kuti, "Ndi ntchito."

Sindikudziwa ngati abwere. Tikiti ili pa alumali, pansi pa chithunzi cha mayi ako.

Ndimakupemphererani nonse,
Odessa Broome


Itta Bena, Mississippi
4 Malichi 1999

Renita,

Moni. Kalata yako ndinaimva.

Za Pasaka uja sindinenapo kanthu. Ndinachita zimene dikoni amachita. Za nkhosa, Baibulo lonse ladzaza nkhosa ndipo palibe imene inadandaulapo. Koma wati si iwe nkhosa, chabwino.

Za makwerero ndikuopabe. Za anthu a patebulowonso sindinasinthe maganizo, ndikuwadziwa anthu otero. Koma msonkhano ndi wako.

Ndifika Lachiwiri pa basi ya masana. Lamulo lako ndalimva. Ine sindinaphwanyepo lamulo la msonkhano wa munthu wina, ukafunse aliyense kuno. Mayi Broome akutsokomola, sindikudziwa chifukwa chake.

Uwauze amayi ako kuti ndibwera ndi jekete ya kutchalitchi.

Agogo ako,
Dikoni Hosea Tarpley


Milwaukee
13 Malichi 1999

Okondedwa Mayi Broome,

Moni m'dzina la Ambuye, inu ndi mpingo wonse. Ndinafika bwino. Kuno kukuzizira moti jekete ya kutchalitchi yandichititsa manyazi, ndavala ya mwamuna wa aneba. Musawauze anthu. Akulemba kalatayi ndi Renita pa makina ake. Ndamuuza lamulo langa, iye wati akulidziwa chifukwa ndi lofanana ndi lake.

Msonkhano unachitika Lachinayi m'mawa. Patebulo panali ahedi, aphunzitsi atatu, Mayi Lindqvist aja, Vernice, ndi bambo wina wa ku ofesi ya maphunziro wa tayi wofiira, amene ankangoyang'ana wotchi. Ine anandikhazika kumapeto. Renita anayendetsa njinga yake ya olumala mpaka kumutu kwa tebulo, pamene wa tayiyo anali ataika kale chikwama chake. Anachiyang'ana chikwamacho, n'kumuyang'ana mwini wake. Chikwama chinachoka.

Anayamba ndi kutchula aliyense dzina ndi ntchito yake. Atafika pa ine anati, "Awa ndi agogo anga. Abwera kudzamvera." Anthu anaseka pang'ono. Ine sindinaone choseketsa.

Kenako ananena lamulo lake, n'kuyamba kufotokoza zimene amatha ndi zimene zimamuvuta. Sanabise kanthu. Anati kulemba ndi dzanja sangathe, pa makina amatha koma mochedwa. Anati kudya amafuna thandizo, kuganiza safuna. Anaonetsa masamu amene wakhala akuchita ndi Mayi Lindqvist nthawi yopuma. Mphunzitsi wa masamu wa m'mwamba anavala magalasi, kuyang'ana mapepalawo, n'kukhala tsonga.

Mayi Broome, mwanayu amalankhula mochedwa, mukudziwa. Liwu lililonse amachita kulikoka ngati chidebe cha pachitsime chakuya. Chipewa changa ndinachifinya mpaka chafika poti sichingavalidwenso.

Ndiye anafika pa nkhani yeniyeni. Anati, "Chaka chamawa ndikufuna ku..." Liwu linakakamira. Khosi linauma, mutu unapendekeka, dzanja likugunda pa njinga. Ine liwulo ndinkalidziwa. Linali pa lilime langa, lathunthu, lokonzeka. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchere.

Wa tayi wofiira anawerama, akumwetulira mokoma ngati mwini munda uja, cholembera chili kale papepala. Anati, "Kukhalabe ndi anzako amene unawazolowera, eti? Tamva, mwana wabwino. Tilembe zimenezo."

Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni? Msampha uja ndi umenewu. Vernice anandigwira bondo pansi pa tebulo, bondo lodwala lomwelo. Ndinali nditadzuka kale theka. Mawu anali atafika pakhosi, ndipo akanatuluka, bambo ameneyo akanakumbukira tsiku limene anabadwa.

Koma Renita anamenya tebulo. Ndi chikhatho, kamodzi, mofanana ndi mmene munthu wina anamenyera tebulo lanu. Anamuyang'ana wa tayiyo m'maso n'kunena, liwu ndi liwu, "Sin-di-na-ma-li-ze."

Cholembera chija chinagona pansi chokha. Ine ndinabwerera pampando.

Kenako mwanayo anatembenukira kwa ine. Anali akupuma movutika, liwu lija likadali lokakamira. Anati, "Agogo." Wanditchula dzina, ndiye kuti mwa lamulo lake ndaloledwa kulankhula. Mawu a mwanawankhosa anali m'mutu, onse, mpaka ndime zimene simunazimve. Liwu limene ankalifunalo linalinso pomwepo. Anthu onse akundiyang'ana.

Ndinati, "Dekha, mwana, dekha."

Basi. Zaka makumi anayi za udikoni, ulendo wa basi usana ndi usiku, mawu atatu.

Anadekha. Tinadikira tonse, wa wotchi yemwe. Ndipo linabwera. "Kukwera," anatero. "Ndikufuna kukwera m'mwamba. Ndikufuna satifiketi yeniyeni." Atatero mawu ena anatsatira okha. Anapempha kiyi wa chikepe cha pasukulupo, kuti za makwerero zithe. Anapempha nthawi yoonjezera pa mayeso, makina ake m'kalasi, ndi munthu womulembera zimene mphunzitsi akunena. Anali ataganiza zonse, ngakhale za kumene adzadyere.

Sanangovomera ayi. Anakangana naye. Ahedi anati masamu a m'mwamba ndi ovuta, akalephera adzakhumudwa. Renita anati, "Darnell analephera kawiri. Simunamutumize ku matawulo." Vernice anabisa nkhope. Mphunzitsi wa masamu anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti iye amulandira. Wa tayi anati ayesedwe kaye teremu imodzi. Renita anati chaka chathunthu, ndipo msonkhano wounikanso adzaitanitsa yekha. Anatembenukira kwa amayi ake n'kuwatchula dzina. Vernice analira kaye, kenako anati, "Ndikuopa, koma akwere."

Analemba. Renita anati amuwerengere mokweza zonse zimene alembazo asanasaine, ndipo anawabweza pawiri. Zimenezo sanaphunzire kwa mphunzitsi aliyense, ndi magazi a kwa Tarpley. Akuyamba m'mwamba mwezi wa Seputembala.

Potuluka wa tayi uja anandigwira chanza, ati, "Bambo, ndinu munthu wofatsa." Mumuuze Mbale Cato zimenezo.

Mawu a mwanawankhosa aja musataye. Ndi mawu abwino, adzagwira ntchito pa maliro a munthu wina.

Kalatayi tayamba titangodya chakudya cham'mawa, pano dzuwa lapendeka, chifukwa mlembi wanga ndi wa chala chimodzi. Sindikudandaula. Ndisanatseke ndikufuna kunena kanthu za mwana ameneyu, kuti mukawerenge pamaso pa mpingo Lamulungu. Mukawauze kuti mdzukulu wa Hosea Tarpley, yemwe uja anaima kutsogolo pa Pasaka, ndi

Mayi Broome, ndine Renita. Apa agogo aima. Akuyang'ana pawindo, akufinya chipewa chija, akuti m'maso mwawo mwalowa kanthu. Liwulo ndikuganiza kuti ndikulidziwa, koma sindilemba. Ndawauza kuti, "Dekhani, agogo, dekhani."

Tikudikira.